Tsiku Limene a Sitayelo Anakana Kukalamba

Bambo anga anayamba kumeta anthu ine ndisanabadwe. Dzina lawo lenileni ndimachita kulikumbukira tikapita kuchipatala, chifukwa aliyense amangowatcha a Sitayelo. Kachipinda kawo kometera kanali pakati pa wosoka nsapato ndi wogulitsa mabatire. Munali mpando umodzi wozungulira, galasi long'aluka pakona, ndi benchi yodzaza anthu amene sankabwera kudzameta n'komwe, ongodzakangana za mpira. Munthu ankalowa mutu uli nyankhalala, n'kutuluka akuyenda modzimva. Bambo ankamupaka sipiriti m'khosi, kumukuntha ndi kathaulo, kenako n'kumuuza kuti, "Akakufunsani amene wakukonzani chonchi, musabise."

Iwo eni ake ndiye musanene. Sanatulukepo m'nyumba ndi malaya osasita. Tsiku la maliro a mayi anga, ife tikulira mpaka mawu kutha, iwo anayamba akhala pakhonde n'kupukuta nsapato, ati mkazi wawo sanakwatiwe ndi munthu wafumbi kumapazi. Panthawiyo ndinakwiya nazo. Pano ndikudziwa kuti kulira kwawo kunali komweko.

Ukalamba unawayambira m'manja. Tsiku lina anameta mphunzitsi wina mzere wokhota moti ana asukulu anaseka sabata yonse, ndipo bambo anatseka kachipinda kaja osatsanzika aliyense. Kenako inabwera sitiroko, mwendo wakumanzere n'kuyamba kutsalira m'mbuyo. Ndinawatenga kudzakhala nawo kwathu, m'kanyumba kanga ka zipinda ziwiri.

M'mawa uliwonse ntchito inali yomweyo: kuwadzutsa, kukataya chidebe chimene amagwiritsa ntchito usiku, kuwasambitsa, kuwaveka, kuwadyetsa, n'kukangana nawo za mapiritsi. Ndiye poti ndi a Sitayelo, ukawaveka malaya obiriwira amafuna oyera, ukawapesa chakumanja ati wawasandutsa m'busa. Ine ndimagwira ntchito pamalo osindikizira mabuku, kudula mapepala ndi kumata zikuto, ndipo makina anga akaima onse akumbuyo kwanga amaimanso. Ndinkafika mochedwa tsiku ndi tsiku, thukuta lili kamukamu. Abwana anga si munthu woipa, koma nawonso anafika potopa. Anandiitanira pambali n'kundiuza mwaulemu kuti zikapitirira chonchi tisiyana bwinobwino.

Achimwene anga alipo, musaganize kuti ndinabadwa ndekha. Amakhala kutali, ndipo amathandiza kwambiri pa foni. "Uziwapatsa zipatso, mlongo." Zikomo, achimwene, zipatsozo ndiye zimasambitsa munthu.

Ndiye tsiku lina ndinamva pa wailesi kuti boma, mogwirizana ndi akatswiri a kafukufuku, likuyesa ndondomeko yatsopano yosamalira okalamba. Ati aphunzitsa anthu oti azibwera m'makomo m'mawa uliwonse kudzasambitsa, kuveka ndi kumwetsa mankhwala, kuti achibale azitha kupita kuntchito. Koma poti n'zoyesa chabe, ayamba ndi okhawo amene sangathedi kudzisamalira, ndipo wofufuza adzafika kudzaona yekha. Abale inu, ndinavina ndi chitsulo chositira m'manja! Mawa lakelo ndinakalembetsa, ndipo anandiuza tsiku limene wofufuzayo adzabwere.

Ndinayamba kuwakonzekeretsa bambo.

"Bambo, akabwera munthuyo mudzanene zoona."

"Ine ndinanamapo liti?"

"Moyo wanu wonse mwakhala mukuuza anthu adazi kuti tsitsi layamba kumera."

"Imeneyo inali ntchito, mwanawe. Si bodza."

Tsikulo litafika, anadzuka kusanache ali ndi malamulo. Suti yakuda. Tayi wamadontho. Ndevu ndiwamete kawiri, mafuta onunkhira ndiwapake kuseri kwa makutu. Ndodo yawo ati ndiibise kuseri kwa wadiropu, mlendo asawapeze ngati wodwala. Ndinakangana nawo za ndodoyo mpaka ndinagonja. Nanenso, poti kukubwera mlendo, ndinakolopa nyumba yonse, chidebe chija n'kukachiika kuseri kwa nyumba, pulasitiki ya pamatiresi n'kuiphimba ndi nsalu yanga yabwino. Nanga munthu wa boma aone zimenezo? Pomafika nthawi ya mlendo, m'nyumba mwathu munkaoneka ngati tikuyembekezera wodzafunsira mbeta.

Wofufuzayo anali mtsikana waulemu, wometa tsitsi lalifupi, atanyamula foni yaikulu yolembapo mayankho. Anagwada pang'ono.

"Muli bwanji, agogo?"

Bambo anacheuka kuyang'ana kumbuyo kwa mpando wawo.

"Agogowo ali kuti? Mwabwera nawo limodzi?"

Mtsikanayo anaseka, ine mtima unangoti myuu. Ndinadziwa kuti zayambika.

"Chabwino, bambo. Ndikufunsani mafunso angapo. Kodi mumasamba nokha?"

"Madzi ozizira, mayi. Otentha amafooketsa mwamuna."

Ndinatsokomola. Munthu amene madzi akangozizira pang'ono amakuwa ngati ndikumupha!

"Nanga kuvala?"

"Taonani tayi ameneyu. Alipo mwana wamasiku ano angamange chonchi?"

Tayiyo ndinamanga ndine, katatu konse, iwo akundinyoza.

"Chaka chino munagwapo?"

"Kugwa ayi. Nthawi zina ndimangokhala pansi mofulumira."

"Usiku mumapita nokha kuchimbudzi?"

"Mayi, mafunso ena tiziyamba tadziwana kaye."

Apa ndinalephera kupirira. Ndinati, "Pepani achemwali, bambowa akunama. Chilichonse ndimawachitira ndine." Bambo anapukusa mutu mwachisoni, ngati amene akupepesera mwana wosalongosoka.

"Mumukhululukire. Kukokomeza anatengera mayi ake."

Mtsikanayo anati mawu anga awalemba ndithu, koma lamulo la kafukufuku wawo likuti aziyang'ana kwambiri zimene wokalambayo wanena yekha ndi zimene iye waona ndi maso, poti achibale ena amawonjezera kuti alandire thandizo. Kenako anapempha bambo kuti ngati angathe aimirire osagwira kanthu, ayende mpaka pakhomo n'kubwerera. Mumtima ndinati eya, apa ndiye bodza lithera pompa. Munthuyu chiyambire chaka anali asanaimirirepo popanda kundikoka khosi.

Anthu inu, anaimirira.

Anakoka jekete, n'kukweza chibwano, n'kuyenda. Mwendo wakufa uja unkatsatira mwaulemu ngati wauzidwa kuti kuli alendo. Anafika pakhomo, anasuzumira kunja, anati, "Kukhala mvula lero," n'kubwerera. Asanakhale pansi anaweramira mtsikana uja n'kumuyang'anitsitsa m'mbali mwa mutu.

"Amene anakumetani apa sanamalize maphunziro. Mudzabwere ndidzakukonzeni."

Ine pakamwa panali yasa. Sindinkadziwa ngati ndiombe m'manja kapena ndiwagende ndi nsapato.

Ndinamuperekeza mlendoyo mpaka pageti. Pobwerera ndinawapeza bambo atapendekeka pampando, nkhope itatuwa, tayi ali pakhutu.

"Wapita?"

"Wapita."

"Ndigwire, mwanawe, ndafa ine."

Ndinawakokera pabedi ndekha, suti ndi nsapato zomwe. Tsiku lotsatira lonse sanadzuke, ngakhale supuni ankalephera kuigwira.

Patapita masabata angapo uthenga unabwera pa foni. Ati tikuthokoza potenga nawo mbali pa kafukufukuyu. Ati bambo anu apezeka kuti ali m'gulu la okalamba odzidalira, choncho wowasamalira sabwera. Ati komanso, poona mphamvu zawo, tikuwapempha ngati angavomere kumatsogolera anzawo pa masewera olimbitsa thupi.

Ndinawawerengera mokweza, mwaukali. Iwo nkhope inangoti ngwee.

"Wamva? Boma lenilenilo lavomereza. Bwerezanso pa masewerapo."

Sabata imeneyo aliyense wodutsa pakhomo anauzidwa. Wosoka nsapato uja atabwera kudzawaona, anamufotokozera kuti madokotala anawayeza n'kupeza kuti thupi lawo n'la mnyamata, pamene ine ndili chigwadire kuwaveka masokosi. Achimwene anaimba foni kusangalala. "Waona, mlongo? Zipatso zija."

Lolemba lotsatira bambo anadzionongera pabedi kutacha kale, nditawaveka ndi kuwaveka. Tinayambiranso poyamba. Ndinafika kuntchito anzanga akumwa tiyi wa pakati pa m'mawa, mapepala ataunjikana pamakina anga mpaka kugwera pansi. Abwana sanakalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa. Anangoti mwezi ukatha ayamba kufunafuna munthu wina, pokhapokha nditawatsimikizira kuti kunyumba kwapezeka wothandiza.

Madzulo ndinawapeza bambo akuyeserera kukweza manja m'mwamba, ati akukonzekera kuphunzitsa anzawo. Pamenepo ndiye ndinaphulika. Ndinawauza zonse, mosasankha mawu. Ndinati ntchito yanga yatha chifukwa cha tayi wawo. Ndinati amene amawasambitsa, kuwapukuta ndi kuwatayira chidebe si boma, ndine, ndipo msana wanga wafika pothyoka. Ndinati akanangonena mawu amodzi oona, bwenzi pano tili ndi munthu wotithandiza, koma iwo anasankha kusangalatsa mtsikana wachilendo kusiyana ndi kundimvera chisoni mwana wawo. Ndinalankhula mpaka aneba anachepetsa wailesi.

Bambo anatsitsa manja pang'onopang'ono. Ndinkayembekezera kuti andiyankha, poti sanagonjepo pa mkangano ngakhale wa mpira. Koma anangoweramitsa mutu. Chakudya anangochilawa, ndipo atagona ndinamva chisoni ndi manyazi, koma mawu anali atatuluka kale.

Kutacha ndinalowa ndi beseni la madzi ofunda. Anandiimitsa ndi dzanja.

"Mtsikana uja anasiya nambala?"

"Anasiya. Anati zinthu zikasintha tiimbe."

"Muimbire. Umuuze abwere mawa m'mamawa, ndisanadzuke. Usakolope. Chidebe chikhale pomwe chimakhala. Ndipo usandimete."

"Bambo…"

"Ndanena."

Mtsikanayo anavomera, ndipo anafikadi dzuwa lisanatuluke bwino. M'chipinda munkanunkha mmene mumanunkhira m'mawa uliwonse. Bambo anali chigonere, ndevu zoyera zili nyankhalala, atavala kamalaya kamkati kong'ambika paphewa. Nditafuna kukhala pamphepete pa bedi, anandithamangitsa.

"Iwe tuluka. Izi si zako."

Ndinadabwa, poti palibe chimene sindinachione pa thupi limenelo. Koma ndinatuluka, n'kukaima kuseri pafupi ndi zenera, ndikunamizira kuyanika zovala. Mafunso a mtsikanayo sindinkawamva bwino, amalankhula motsitsa. Ndinkangomva mayankho.

"Sinditha."

Mtsikanayo anafunsanso china.

"Sinditha, mayi."

Bedi linalira, ndinadziwa kuti akuyesa kudzuka. Linaliranso. Kenako linasiya.

"Amandinyamula ndi mwana wangayo. Tsiku lililonse. Watopa."

Munthu amene anatha moyo wake wonse akulankhula kuyambira m'mawa mpaka kutseka kachipinda kake, tsiku limenelo mawu ake anali ochepa chonchi. Ndinaluma nsalu yonyowa imene inali m'manja mwanga kuti asandimve ndikulira. Thandizo ndinkalifuna ndi mtima wonse, koma sindinkadziwa kuti kuwamva akunena zimenezi kudzandipweteka motere.

Mtsikanayo atatuluka, maso ake nawonso anali ofiira. Pageti anandiuza kuti bambo si oyamba. Okalamba ambiri, makamaka azibambo, amadzilimbitsa pamaso pa mlendo, ndipo iye ndi anzake ayamba kale kukambirana zoti aziwayendera m'mamawa asanakonzedwe. Anati wosamalira ayamba kubwera sabata yamawa, ndipo nditamuuza za kuntchito kwanga, anati abwana anga akafuna umboni amuimbire iyeyo.

Ndinatenthetsanso madzi n'kulowa nawo m'chipinda. Bambo anali atatembenukira kukhoma, bulangeti atalikokera mpaka m'makutu. Ndinaika beseni pansi, ndikusowa poyambira. Ndinkafuna kupepesa za mawu aja, ndinkafunanso kuthokoza.

Iwo sanatembenuke.

"Waimiranji pamenepo? Ndisambitse msanga, uchedwa kuntchito."