Mngelo Wadongo Pakhosi pa Bambo

Ndikukumbukira nyumba yathu ya ku Wigston, ku England, chaka chimene bambo anadwala mtima. Munkamveka fungo la mankhwala ndi la zovala zonyowa zoyanikidwa pahita yotenthetsera m'nyumba. Akuluakulu ankanong'onezana kukhitchini, ine ndikangolowa onse zii. Mawu okhawo amene ndinatola anali akuti opaleshoni. Ndinali mwana wa kupulayimale, koma sindinali chitsiru ayi. Ndinkadziwa kuti bambo akhoza kufa, ndipo panalibe wondiuza kanthu.

Masiku omwewo kusukulu tinkaphunzira za ndalama zagolide za mafumu akale a ku England. Aphunzitsi anationetsa chithunzi cha ina: mbali iyi mngelo akulasa chinjoka, mbali inayo chombo. Anati kalelo mfumu inkakhudza odwala, n'kuwapatsa ndalama yotereyi, yoboola, kuti aivale m'khosi achire. Anzanga anaseka. Ine ndinatchera khutu. Titauzidwa kuti tiumbe zathu ndi dongo, yanga ndinaiumba lilime lili kunja, n'kuipaka penti wagolide. Mngelo wake anatuluka ngati nkhuku yonyowa, komabe ndinaiboola, n'kulowetsa chingwe cha nsapato, n'kukawaveka bambo. Sanafunse zambiri.

Loweruka masana kunabwera amayi a kumpingo kudzapemphera, motsogozedwa ndi a Nambewe, namwino wa mawu ngati bingu amene ana tonse tinkawaopa. Nyimbo ili mkati, maso awo anagwera pakhosi pa bambo.

"Kalanga ine! Chithumwa m'nyumba ya Akhristu? Tabweretsani sizasi!"

Amayi anga anazyolika ndi manyazi. Bambo anaphimba kandalama kaja ndi dzanja.

"Pepani mayi, izi sizinachokere kwa sing'anga," anatero. "Waumba ndi mwana wangayu. Akuopa kuti ndifa, ndipo tonsefe takhala tikumubisira."

Nyimbo inathera pomwepo. Bambo anandikhazika pambali pawo, anthu onsewo akuona, n'kundiuza kuti madokotala adzatsegula pachifuwa kuti akonze mtsempha wotsekeka, ndi kuti nawonso ali ndi mantha. Ndinalira mpaka mamina. Ndiye taonani, a Nambewe omwe aja ndiwo anandipukuta ndi mpango wawo, n'kuyankha mafunso anga onse, ngakhale lakuti ngati mtima adzauika pambale. Za sizasi sanazitchulenso.

Bambo anachira, ndipo pano ntchito yawo n'kuwononga adzukulu ndi maswiti. Anawachiritsa ndi Mulungu ndi madokotala, dongo langa ayi. Koma nthawi imeneyo mwana sankauzidwa za matenda, ankangoona akulu akutsitsa mawu, iye n'kumadzifera yekha m'kati. Lero kukagwa vuto, ana anga ndimawakhazika pansi n'kuwauza mmene zilili.

Ndimawathokoza bambo mpaka pano. Munthu akupuma movutikira, analolera kuchita manyazi pamaso pa mpingo wonse kusiyana n'kundisiya ndekha ndi mantha anga.