Anthu Amene Anapita Kumwamba N'kubwerako

Dzinja limenelo nyumba yathu ku Mbedza inkanunkha utsi wa nkhuni zonyowa za paini, zimene azimayi ankatsika nazo m'phiri nkhungu isanachoke. Azakhali ankazikoleza pakhonde, utsiwo n'kulowerera m'zofunda ndi m'yunifolomu yanga ya sitandade 2. Iwo anabwera kudzakhala nafe amayi atamwalira m'nyengo yotentha. Pamaliro sanandilole kuona m'bokosi. Anangondiuza kuti amayi apita kumwamba, ndipo mawuwo ndinawasunga mmene anandipatsira.

Ababa anali kalaliki m'boma. Chichitikireni maliro, akaweruka ankangokhala pampando osavula n'komwe nsapato, wayilesi ili pamwendo ikuchita phokoso ngati mafuta m'chiwaya. Ndiye tsiku lina wayilesiyo inanena nkhani imene inawadzutsa. Anandiitana, nkhope ili yowala mmene ndinali nditaiwalira, n'kundiuza kuti kumwamba kuli makina aakulu ngati basi, okhala ndi galasi loonera nyenyezi zakutali. Makinawo anali atawonongeka, ndipo anthu ena kunja ankakonzeka kukwera chombo kuti akawakonze. Ndinafunsa ngati anthuwo adzabwereko. Anati inde, pakangotha masiku owerengeka.

Sindinauze munthu zimene zinalowa m'mutu mwanga. Ngati kumwamba kunali njira yobwerera, ndiye kuti amayi ankangosowa chokwera.

Ulendowo unkangosinthidwa, lero ayi, mawa ayi. Ababa ankati mwina ndi nyengo. Ine ndinkaima kuseri kwa nyumba kuyang'ana mitambo itaphimba phiri mpaka ku Chawe, ndikuganiza kuti mitambo yathu yomweyi ndi imene yatseka njira. Chombo chija chitanyamuka, ababa anayamba kunditenga masana ku sitolo ya a Karimu, mmwenye wogulitsa nsalu ndi mawayilesi m'tauni, amene anali ndi kanema wogwira zakunja. Munkanunkha nsalu zatsopano ndi lubani. Tinkaima pakati pa ana a ku koleji amene ankatsutsana m'Chingerezi, ine nditagwira thalauza la ababa.

Zimene ndinaona zinandisokoneza kwambiri. Anthu ovala zoyera analipodi, monga ankanenera ku Sande sukulu, koma anali onenepa, opanda mapiko, nkhope zobisika m'magalasi. Ankayandama chadodolido atamangidwa zingwe, sipanala ili m'manja. Kumbuyo kwawo kunali bii, kopanda nyumba, kopanda maluwa, kopanda woimba. Ndinkayang'anitsitsa mumdimamo kuti mwina wina adutsa. Nditafunsa azakhali ngati angelo amavala zipewa zachitsulo, anakalipira ababa kuti akuzunguza mwana ndi zinthu za azungu. Ababa anaseka, kuseka koyamba chichitikireni maliro, ndipo ine ndinatenga kusekako ngati umboni woti akudziwa zimene ndikudziwa.

Ndinatulutsa mapatapata a amayi m'katoni, n'kuwatsuka ndi sopo wochapira, n'kuwaika pakhomo. Azakhali anawabwezera m'katoni. M'mawa mwake ndinawatulutsanso.

Tsiku limene kanema ankaonetsa kubwerera kwa anthu a m'chombo aja kunkagwa mvula yowaza. Chombo chinatera ngati ndege wamba. Patapita kanthawi anthu aja anatuluka, atavula zoyera zija, akumwetulira n'kumakweza manja. Anali anthu basi, ena a dazi. Ndinadikira wina atuluke pambuyo pawo, mwina atafunda chitenje chifukwa cha kuzizira. Chithunzi chinasintha, n'kuyamba za mpira.

"Ababa, nanga amayi atsaliranji?"

Ndinafunsa mokweza ndithu. Ana a ku koleji aja anatembenuka n'kundiyang'ana. A Karimu anachepetsa mawu a kanema n'kuyamba kupinda nsalu yopindapinda kale. Ababa anandinyamula, ngakhale ndinali wamkulu woti n'kuyenda ndekha, n'kukakhala nane pakhonde la sitoloyo, madzi akuyenderera m'ngalande patsogolo pathu. Pamenepo ndiye anandiyankha.

"Kumwamba kulipo kuwiri, mwanawe. Kwina amabwerako. Kumene kuli amayi ako sabwerako."

Ndinafunsa kuti kwinako kuli chapati, pamwamba pa kwinaku kapena pambali, ndiponso ngati anthu aja akanapitirira pang'ono akanafikako. Anati sakudziwa. Kenako ndinamva chifuwa chawo chikugwedezeka kumsana kwanga, ndipo sindinatembenuke, poti ndinali ndisanaonepo munthu wamkulu wamwamuna akulira.

Kwa nthawi yaitali ndinkawakwiyira anthu a m'chombo aja. Ndinkati anafika pafupi chonchija, n'kutanganidwa ndi mabawuti osayang'ana uku ndi uku. Ababa anapitiriza kumvera nkhani za makinawo, koma sanandiitanenso.

Lero ndapitirira zaka zimene amayi anakhala ndi moyo, ndipo ndikudziwa kuti galasi lija linali pafupi kwambiri ndi dziko poyerekeza ndi nyenyezi zimene linkaona. Ndimaonanso chimene ababa ankafuna m'sitolo muja. Anali atakhala miyezi m'chipatala akuyang'ana munthu amene palibe anatha kumuchiritsa, ndiye anamva za chinthu chowonongeka chimene anthu akanatha kuchifikira ndi manja n'kuchikonza. Tinkaima limodzi patsogolo pa kanema mmodzi, aliyense akudikira zake, ndipo palibe anafunsa mnzake.