Sanda imene ndinaing'amba matewera

Nkhondo itatha, titabwerako ku Malawi kumene tinathawira, ndinali namwino pakachipatala kopanda magetsi. Mayi wina wa kunyanja ya Chiuta anabereka mwana wosakwana masiku, wongodzaza dzanja, wosalira n'komwe. Ndinataya mtima msanga, n'kunong'oneza bambo wake, msodzi wachisilamu, kuti, "Bambo, kaguleni sanda."

Anapalasa njinga mpaka kutawuni ya Entre Lagos. Mayiyo anangomangirira mwanayo pachifuwa ndi chitenje chake cha kapulana. Pamene bamboyo ankabwera ndi sanda ija, kamwana kaja kanali kakuyamwa, tinthiti tikukwera ndi kutsika.

Ndinalanda nsalu yoyerayo n'kunama maso ali gwa: "Ndinakutumani ya matewera."

Anandiyang'anitsitsa, kenako anayang'ana mwana wake.

"Ing'ambeni, amayi," anatero motsitsa mawu. "Koma ndagula yochepa. Sindimadziwa kuti akula."