Pabalaza panga ndi mbatatesi za bambo

Chaka chimene tinakhoma malata panyumba yathu yatsopano ku Biriwiri, ku Ntcheu, ndinawauziratu amuna anga kuti pabalaza ndi panga. M'nyumba yakale ndinali nditatopa nazo. Mlendo akabwera ankakhala pathumba la mbatatesi, kapu ya tiyi n'kuikidwa pathumba linzake, ine manyazi atandigwira. Amuna anga mbatatesi amazikonda kuposa abale awo, ndipo sankalola kuti zigone kunja poopa akuba.

Tinapangana kuti khoma likangopakidwa penti, thumba lisadzaliyandikirenso. Anavomera msangamsanga poganiza kuti za pentizo zithera pakamwa. Sankandidziwa bwino.

Mtundu umene ndinkaufuna ndinauona ku Lilongwe kwa alamu anga: pepo wosawala, wotuwira ngati wawazidwa phulusa. Dzina lake sindinkalidziwa. Paboma, wogulitsa anatsitsa zitini mpaka kutuluka thukuta, ine ndikungopukusa mutu. Mapeto ake anasakaniza woyera, wabuluu, wofiira pang'ono ndi kadontho ka wakuda, akutakasa ndi kamtengo, mpaka ndinamuuza kuti basi, aimire pomwepo.

Titapaka ndinakhala pansi pakati pa chipinda chopanda kanthu, mtima uli myaa. Koma anthu akwathu sangaone chinthu n'kukhala chete. Inali nyengo ya kampeni, ndiye mayi wina woyandikana nafe anayendera makoma onse manja ali kumbuyo, kenako n'kundinong'oneza kuti ndimuuze chipani chatsopanochi ndi cha yani, ndipo ngati chikugawa nsalu ndisamuiwale. Apongozi anga, amene sajomba ku Misa, anaima pakhomo, anachita chizindikiro cha mtanda, n'kufunsa ngati m'nyumba muno Lenti idzathe. Mwana akangoyetsemula ankati ndi khomalo. Zinkandipsetsa mtima, koma sindinasunthike.

Kenako tinakumba mbatatesi, ndipo chaka chimenecho zinabereka ngati zikuchitira dala. Ngolo itafika ndinakaima pakhomo la pabalaza, manja m'chiuno. Amuna anga anayang'ana ine, anayang'ana khoma, kenako anauza onyamula kuti azungulire kukhomo lakuseri. Ndinaona ngati ndapambana.

Madzulo ake ndi pamene ndinadziwa kumene zinalowera. Kuchipinda kwathu matumba anali atasanjidwa mpaka pawindo, zambewu zitayalidwa pansi ponse ndi kunsi kwa bedi, kutangotsala kanjira ka phazi limodzi. Penapake panabisala imodzi yoola, ndipo aliyense amene anakulira ku Ntcheu akudziwa fungo lake. Ndinanyamula mphasa ndi bulangeti langa n'kusamukira pabalaza.

Tinakhala choncho mpaka zambewu zinayamba kuphuka, m'mawa tikungopatsana moni ngati anthu ochita lendi m'nyumba imodzi. Kunena zoona ndinkawasowa, ndi mkonono wawo womwe, koma kuyamba ine kulankhula ndiye ayi.

Tsiku lina titangomaliza kudya ndinamva kugogoda pachitseko chamkati. Anali iwo, pilo ali kukhwapa, kumutu kuli dothi.

"Odi mayi. Kodi kuno mumalandira alendo?"

"Mwabwera ndi thumba?"

"Ndili ndekha."

Ndinawasendera pamphasa. Anagona chagada n'kuyang'ana khoma kwa nthawi ndithu, kenako anati mtunduwu si woipa kwenikweni, umangofunika kuuzolowera. Ndinawauza kuti achotse phazi pakhoma langa.