Kheji ya Agogo

Ndikakumbukira agogo aamuna, ndimamva fungo la dothi la mbatatesi yongokumbidwa kumene, ndi chifuwa chawo chomwe chinkalira ngati chitseko chadzimbiri m'mphepo ya ku Biriwiri. Anagwira ntchito m'migodi ya ku Joni ali mnyamata, ndipo fumbi la kumeneko anabwera nalo m'mapapo.

Ndili Fomu 1 ndinalephera masamu. Bambo anati ndikalepheranso ndisiye sukulu, ndizikumba ndi kusenza mbatatesi, poti manja ankachepa pakhomo. Ndinakhala pamzere kumunda ndi kope langa, misozi ili chuchuchu.

"Akazi anga, ndani wakumenyani?" anatero agogo, monga ankandiserewulira nthawi zonse.

Ndinawaonetsa samu yake: −3 + (−4). Ine ndinkataya mabulaketi pamodzi ndi mainasi ya m'kati mwake, n'kupeza 1. Ndinkaganiza kuti ukaphatikiza, zinthu ziyenera kukwera basi.

Anaseka mpaka kutsokomola. Ndi ndodo analemba mzere woimirira padothi.

"Apa ndi pamtunda, pa ziro. Uli pa levulo yachitatu pansi pa nthaka, kapitawo akuti uwonjezere zinayi zotsika. Iwe ukuti watulukira kunja? Zikanatero bwenzi anzanga onse atabwerako."

Mabulaketi anati ndi kheji, chikwere chachitsulo chomwe chinkawatsitsa mumgodi. Nambala imalowamo ndi mainasi yake, chitseko n'kutsekedwa, ndipo palibe wozilekanitsa panjira. Ndinawerenga ndi chala: −7.

"Ndiye munthu amabwerera bwanji pa ziro, agogo?"

"Akakukumbukira apamtunda," anatero, n'kufufuta mzere uja ndi phazi.

Madzulo ake ndinawamva akuuza bambo kuti, "Mwanayu mumusiye awerenge. Mizere yake ndikumba ndine." Bambo anakana kawiri, kachitatu anavomera. Ine ndinamva zonse, koma sindinatuluke kukatsutsa. Ndinkafuna sukulu.

Mwezi wonse wa Juni agogo ankapita kumunda mame asanaume, atavala jekete lawo long'ambika, akuima pakati pa mzere kuti apeze mpweya. Ine ndinkadutsa ndi yunifolomu, iwo n'kukweza khasu kundipatsa moni. Mayeso ndinakhoza. Pepala la zotsatira ndinakawaonetsera kuchipatala komwe anagonekedwa, koma analibe mpweya wondiserewula. Anangoligwira mozondoka, n'kugwedeza mutu. Sabata isanathe tinawaika m'manda.

Tsopano ndili Fomu 3, ndipo aphunzitsi amandituma kubolodi kuti ndithandize anzanga. Ndimakhulupirira kuti ndidzamaliza, mwina ndidzaphunzitsanso masamu. Amayi amati chifuwa chija chikanawatenga ndithu, kumunda kapena pakhonde. Ndimavomera ndi mutu. Koma ndikakhala ndekha ndimadziwa kuti tsiku lija ndinali kuseri kwa chitseko, ndinamva, ndipo ndinasankha kukhala chete.