Filimu ya a Blackson

Reinford Namaona anabadwira m'komboni ya esiteti ina ya tiyi kufupi ndi Luchenza. Agogo ake anachokera ku Mozambiki wapansi, ndipo kuyambira pamenepo banja lonse linkadalira tiyi: bambo ake ankadulira, mayi ake ankatchola. Iye sukulu anailekera sitandade seveni, nalowa m'munda ndi dengu kumsana. Manja ake sanali othamanga. Chimene Mulungu anamupatsa ndi pakamwa. Ankatha kuyankhula ngati kapitawo, ngati kalaliki wa pa sikelo, ngakhale ngati mzungu wa kufakitale akamalimbana ndi Chinyanja, ndipo otchola anzake ankaseka mpaka kugwira m'mimba.

Mnzake weniweni anali Blackson, mwamuna wa ku Mphuka, wamtali, wa mawu ochepa. Ankatchola mizere yoyandikana. Tsiku limene dengu la Reinford linali lopepuka, Blackson ankatapa masamba m'dengu lake n'kumuwonjezera asanafike pa sikelo, osanenapo kanthu.

Mu 1996 mlamu wake wa Reinford, amene ankagwira ntchito ku Joni, anamusiyira deki ya vidiyo ndi sikirini. Reinford anataya dengu, napeza chipinda choonetseramo mafilimu kuseri kwa chigayo ku Luchenza, kumene kunali magetsi. Mawindo anatchinga ndi mabulangete kuti mukhale mdima ngakhale masana. Mabenchi asanu ndi atatu a m'menemo anakhoma ndi Blackson, masiku awiri athunthu a Lamlungu.

Mafilimu onse anali a Chingerezi, ndipo anthu ambiri sankamva. Choncho Reinford ankaima pambali pa sikirini n'kumamasulira. Kunena zoona, Chingerezi cha m'mafilimu naye chinkamudutsa. Ankangoyang'ana nkhope za azunguwo n'kuwaika mawu ake m'kamwa, pena m'Chinyanja, pena m'Chilomwe. Analinso ndi chizolowezi chimene anthu ankachikonda kwambiri: aliyense wa m'filimu ankamupatsa dzina la munthu wa m'deralo. Wamimba ankakhala kapitawo wakuti, wokonda ndewu ankakhala kondakitala wakuti. Mwini dzina ankaseka limodzi ndi anzake, ena ankanyadira kumene.

Chakumayambiriro kwa 1998 anabwera ndi tepi yachilendo kuchokera ku Limbe. Inalibe nkhonya, inalibe magalimoto othamangitsana. Inali ya anthu asanu ndi awiri amene kampani inawatuma pa chombo kukakumba miyala kutali mumlengalenga, kupitirira mwezi. Anaionetsa koyamba Lamlungu masana, chipinda chitadzaza mpaka ena kukhala pansi.

Poyamba anthu anaona ngati awanamiza. Chombo chinkayandama mumdima popanda phokoso lililonse, ndipo bambo wina anakuwa kuti deki yafa. Kenako panabuka mkangano. Wina anati palibe munthu angapite kumeneko, n'zojambula chabe. Mayi wina wogulitsa nthochi anati nanga afiti amauluka bwanji pa lichero, azungu angalephere ndi chitsulo? Ataona anthu a m'chombomo akudya phala la m'mapaketi uku akudandaula, otchola tiyi anaombera m'manja.

"Awa ndi anzathu!" anatero wina. "Ngakhale kumwamba kuli kapitawo!"

Phwetelo linatha pamene mmodzi wa okumba miyalawo anapuma fumbi lina lake m'phanga. Masiku oyamba ankaoneka bwinobwino. Kenako anayamba kutsokomola. Masaya analowa, khungu linatuluka zilonda, ndipo pansi pa khungu la pakhosi pake pankaoneka chinthu chikuyenda. Amayi anafunda zitenje kumaso. Mmodzi anatuluka chothamanga, kusiya patapata pansi pa benchi. Mkulu wina wa mpingo, amene analowa mobisala, anayamba kung'ung'udza pemphero. M'chipindamo munagwa bata loti Reinford anali asanalimvepo. Zaka zimenezo maliro anali osatha m'makomboni, ndipo aliyense amene anali m'menemo anali ataonapo m'bale wake akuwonda chomwecho. Matendawo sankawatchula dzina. Ankangoti kaliwondewonde, motsitsa mawu.

Reinford ankaopa bata kuposa china chilichonse. Anthu akakhala chete, iye ankamva ngati walephera ntchito. Anamwaza maso kufunafuna choseketsa, ndipo anaona Blackson pa benchi yachitatu. Blackson anali atadwaladwala kuyambira pamene dzinja linayamba, ndipo malaya ankamukulira.

M'filimumo, anzake a wodwala uja anamukankhira m'kachipinda ka chitseko cha galasi n'kukhoma. Iye ankamenya galasilo ndi zikhatho, akuchonderera. Reinford anasintha mawu, nayankhula mokoka, ndendende mmene ankayankhulira mnzake.

"Anzanga, tsegulani! Ndine Blackson, simukundidziwa? Ndi malungo chabe awa!"

Kenako anatembenuka, nayankha ndi mawu a kapitawo: "Tsekani chitseko!"

Chipinda chonse chinaphulika ndi phwete. Anthu ankaseka ngati amene atula katundu wolemera, ena mpaka misozi. Blackson nayenso anaseka, akugwedeza mutu. Koma patapita kanthawi, Reinford atayang'ananso pa benchi yachitatu, panali malo. Blackson anali atatuluka filimu isanathe, ndipo amene anakhala naye pafupi sanasunthire pa malopo.

Mlungu womwewo mbiri inafalikira m'maesiteti onse ozungulira. Anthu ankachokera kutali pa njinga kudzafunsa kuti filimu ya a Blackson iyamba nthawi yanji. Filimu ikafika pa chitseko cha galasi, anthu ankayamba okha kukuwa mawu aja Reinford asanatsegule pakamwa. Ndipo iye sanawaletse. Ankawonjezera zina, tsiku lililonse zatsopano, mpaka kutsanzira chifuwa.

Mkazi wake Idah ndi amene anamuuza zimene zinkachitika kumunda, pakuti iye anali akutcholabe.

"Bambo, mukudziwa kuti a Blackson akamafika pa sikelo anthu akumakuwa kuti tsekani chitseko? Dzulo pa nthawi ya phala anthu anasuntha ndi makapu awo. A Blackson anamwa okha, ataima pansi pa mtengo."

"Ndi nthabwala chabe, mayi. Mwiniwake anaseka. Ndinamuona ndi maso angawa."

"Nanga bwanji sanabwerenso ku vidiyo kwanu?"

Reinford anadziuza kuti mawa asintha dzinalo, aikapo la munthu wongopeka. Koma mawa lake chipinda chinadzaza, anthu anayamba kukuwa okha, ndipo iye anangotsatira. Zinapitirira chomwecho milungu isanu ndi umodzi, mpaka tepiyo inakulungana m'deki n'kuduka.

Pofika nthawiyo Blackson anali atasiya ntchito. Thupi linali lisanamukanike kwenikweni. Anangotenga mkazi wake Teleza ndi ana awo awiri n'kubwerera kumudzi ku Mphuka, osatsanzika.

Reinford anatha miyezi inayi akukonzekera zopita. Pena ankati mvula, pena ankati njinga ilibe tayala. Anapita mu Ogasiti, atamva kuti mnzake sakudzukanso. Anatenga shuga ndi buledi. Teleza anamulandira pabwalo, namupatsa moni wa mlendo wamba, kenako anamulozera pakhonde.

Blackson anagona pa mphasa, atafunda bulangete dzuwa likuswa mtengo. Anacheza za mvula, za mitengo ya nthochi, za kapitawo watsopano. Mawu opepesa Reinford anali atawakonza njira yonse, koma nthawi iliyonse akati awatulutse, lilime linkathawira ku nkhani ina. Munthu amene ankayankhulitsa azungu asanu ndi awiri nthawi imodzi analephera mawu awiri okha.

Atatsala pang'ono kutsanzika, Blackson anamugwira dzanja.

"Achimwene, ine ndinatuluka isanathe ija. Munthu uja anathera pati? Anamutsegulira?"

M'filimumo sanamutsegulire. Anzake anamasula kachipinda konseko n'kukataya mumdima, iye akumenyabe galasi.

"Anamutsegulira," anatero Reinford. "Anamupatsa mankhwala, anachira. Anabwerera kwawo onse."

Blackson anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anamwetulira pang'ono.

"Inu ndinu katswiri, achimwene," anatero, natseka maso.

Anamwalira patapita milungu itatu. Pa maliro Reinford anathandiza kukumba manda, ndipo palibe amene anamunena kanthu. Ambiri mwa anamalirowo anali omwe aja ankaseka.

Vidiyoyo anapitiriza, pakuti ana amafuna kudya, koma sanapatsenso munthu wa m'filimu dzina la munthu wamoyo. Anthu anayamba kudandaula kuti a Reinford afooka, sakuseketsanso. Kenako kunabwera mafilimu a ku Nigeria, amene anthu ankawatsatira okha popanda womasulira, ndipo mavidiyo ena atatu anatsegulidwa m'tauniyo. Mu 2005 anagulitsa deki ndi sikirini n'kugula njinga ya kabaza. Kuyambira pamenepo ankaima pa siteji ya minibasi kudikirira okwera, ndipo achinyamata ongobwera kumene ankamudziwa ngati bambo wosakonda zoyankhula.

Tsiku lina mu 2008, mayi wina wonenepa bwino anatsika minibasi yochokera ku Thyolo Boma, atanyamula kajumbo. Reinford anamuzindikira atakhala kale pa kaliyala. Anali Teleza. Ankapita kwa mchemwali wake amene anakwatiwa kuseri kwa esiteti. Atayenda mtunda ndithu pakati pa minda ya tiyi, Teleza anayamba yekha.

"Ndikuchokera kolandira mankhwala otalikitsa moyo aja, alamu. Chaka chachinayi chino. Sindibisa ayi, aliyense kwathu akudziwa. Anzanu aja akanapirira zaka zisanu ndi chimodzi zokha, bwenzi tikukwera limodzi minibasi."

Pa chitunda Reinford anatsika n'kumakankha njinga. Teleza nayenso anatsika, namayenda pambali pake.

"Alamu," anatero Reinford, maso ali pansi, "ine ndinalakwa. Ndinabwera kudzapepesa tsiku lija, koma pakamwa panandikanika."

"Ankadziwa chimene munabwerera."

"Anandikwiyira kwambiri?"

Teleza anakonza chitenje chake asanayankhe.

"Za tsiku loyamba lija ayi. Atafika kunyumba anandiuza akuseka, amvekere Reinford amaopa anthu akakhala chete, ndiye wagwira amene anali pafupi. Ankati mawa mubwera kudzacheza, nkhani ithera pomwepo. Anakudikirirani Lolemba, anakudikirirani Lachiwiri. Lamlungu linalo anavala malaya oyera kuti akudzereni okha. Atafika pa chigayo anamva anthu akukuwa dzina lawo m'kati, inu mukutsokomola ngati iwo. Anabwerera pomwepo. Kuyambira tsiku limenelo sanakutchuleninso mpaka mmene munabwera kumudzi muja."

Reinford anali asanadziwe kuti mnzake anafika pa chigayo. Anaima, manja ali pa mahandulo. M'munsi mwa msewu anthu ankatchola tiyi, madengu ali kumsana.

"Ndikanangotuluka panja tsiku limenelo," anatero.

"Eya," anayankha Teleza. "Koma simunatuluke."

Sananene mwaukali. Atafika pamwamba pa chitunda anakweranso pa kaliyala, ndipo Reinford anapalasa mpaka pakhomo pa mchemwali wake uja. Teleza anamupatsa moni woti akapereke kwa Idah, nalowa m'nyumba. Reinford anatembenuza njinga n'kubwerera ku siteji wapansi, akuikankha njira yonse ngakhale kuti kunali kotsetsereka.