Wondiperekeza Kuseri

Ndinadzidzimuka kusanache, khosi litauma chifukwa chotsamira khoma. Amayi a kumpingo anali atatopa kuimba, ena akuwodzera nyimbo ili pakamwa. Bokosi la amuna anga linali pakati pa nyumba, kandulo itatsala kachidutswa. Panja chiperoni chinkawaza, azibambo akutsokomola pamoto wa nkhuni za bulugamu zimene esiteti ya tiyi inatumiza.

Misozi inali itandithera kuchipatala. Chimene chinatsala m'mutu ndi ntchito imene bambowo anandisiyira. Atapezeka ndi kachilombo ka HIV, mochedwa, matenda atawadya kale, nanenso ndinayezetsa n'kuyamba mankhwala. Mlangizi anawafunsa ngati panali wina woyenera kuuzidwa. Akuyang'ana kukhoma, anatchula mtsikana wina wothyola tiyi m'gulu lawo, poti iwo anali kapitawo. Ine ndili pomwepo, ndikuwagwirira kapu! Anati akamuuza okha akatuluka. Anatulukadi, koma m'bokosi.

Kutacha, moto wa ophika unayaka pabwalo, utsi ukukana kukwera. Anthu anayamba kufika: achibale a malemu ochokera kwa Chimaliro, aphunzitsi ndi maambulera awo, anzathu a pamsika. Thirakitala ya esiteti inatsitsa othyola tiyi atafunda mapepala apulasitiki. Ndinamuona mtsikanayo akudutsa pakhomo, ndowa ili pamutu. Chitenje anamangira m'mwamba, koma ine ndine ntchembere, mimba sindingaiphonye. Sizoni yothyola tiyi inali itatha. Ndinkadziwa kuti akakwera thirakitala ija, mawa ali kwawo kwa Mphuka, kumene sindidziwako ngakhale njira.

Koma namfedwa sakhala yekha. Ukasuntha mwendo, azakhali akufunsa. Ukafuna kupita kuseri, wina akugwira mkono mpaka pakhomo la chimbudzi. Ndinakhala pamphasa ngati mbuzi yapachingwe, mtima ukuti musiye, akaona yekha, kodi anakufunsa pamene ankayamba? Mtima umenewo unanditopetsa kuposa maliro enieniwo.

Tinanyamuka masana. Njira ya kumanda imadutsa m'mphepete mwa munda wa tiyi, ndipo matope ofiira ankaterera, onyamula bokosi akusinthana pafupipafupi. Olankhula analankhula. Woimira banja anati malemu anavutika ndi chifuwa, anthu n'kugwedeza mitu. Ndinaponya dothi langa, manja osamva kanthu.

Titabwerera, anthu asanamalize kudya, dalaivala wa thirakitala anayamba kuliza hutala. Ndinati ndikufuna kuseri. Azakhali anadzuka.

"Khalani, azakhali. Andiperekeze uyo wa ndowayo."

Anthu m'nyumbamo anayang'anizana. Kani ankadziwa onse! Alamu anga anandiyang'ana ngati ndapenga. Mtsikanayo ataitanidwa anabwera akuganiza kuti ndikukamumenya, ndipo kunena zoona dzanja linkandiyabwa.

Kuseri kwa nthochi ndinamuuza zonse, osazungulira: chimene chinapha bambowo, ndi kuti inenso ndili nako. Ndinamuuza monga mlangizi anandiuzira ine, kuti akayezetse msanga, kuti akapezeka nako mankhwala alipo, ndipo mwana akhoza kubadwa wopanda kachilombo. Anangokhala pansi m'matope momwemo.

"Amayi, sikelo sindinayambe," anatero. "Ndimaopa kuti akandifunsa za bambo a mwana."

"Usadzinamize, ine sindikukukonda. Koma mwanayo sanandilakwire."

"Ndiye ndipita ndi ndani?"

Hutala inaliranso. Ndinayang'ana kumsewu, ndinayang'ana iye. Ha, Mulungu amadziwa kusenzetsa anthu mitolo!

"Tikameta, ndikukatenga mankhwala anga kuchipatala. Tipitira limodzi."

Thirakitala inapita popanda iye.

Pofika madzulo anthu anali atabalalika. Pabwalo panatsala phulusa lonyowa ndi mabenchi a kutchalitchi. Ana anga anagona osavula nsapato. Alamu anga sanandilankhulenso, azakhali ankangousa moyo pakona. Mtsikanayo anakhala pakhonde atakumbatira mawondo, ndipo panalibe womuitana kapena womuthamangitsa. Kunkazizira kwambiri. Ndinadzikoka kupita kuchipinda, ndinachotsa pamsomali jasi limene malemu ankavala kuntchito, n'kumuponyera.

"Vala. Fungo lake ukulidziwa kale."